Zining'a za Jack Mapanje Zitalephera

Jack Mapanje anabadwa m'chaka cha 1944 m'mudzi wa Kadango, m'boma la Mangochi. Buku lake loyamba la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981. M'menemo mlakatuliyu anayenda monga bilimankhwe: anadzudzula ulamuliro wa Dr. Banda mophiphiritsa, nabisa mbola yake m'nthano za makolo, m'chilala ndi m'mbandakucha. Koma zining'azo sizinamtchinjirize ayi. Bukulo linachotsedwa m'masukulu mu 1985, ndipo mu 1987 mwini wake anatsekeredwa ku Mikuyu wosazengedwa mlandu, natuluka mu 1991.

Tsono kulephera kumeneku ndiko kunamasula lilime lake. Pakuti munthu amene wagwidwa kale adzabisalanso chifukwa ninji? Ndakatulo zina za m'buku loyamba n'zopiringizika kotero kuti wophunzira sazimva popanda mphunzitsi. Koma mu The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison (1993) ndendeyo yatchulidwa ndi dzina lake pachikuto pomwe, ndipo mkwiyo ndi nthabwala zikuyenda poyera. N'zoona kuti mizere ina ya m'buku lachiwirili yasanduka dandaulo chabe. Komabe yambiri imaluma koposa yoyamba ija.