Polishi Wakuda Akukwirira Ntchito ya Mpeni

Osema ziboliboli a ku Senga Bay ali ndi manja abwino, koma ambiri amamalizira ntchito yawo ndi polishi wakuda wa nsapato. Pa njovu yaikulu palibe chodandaula. Vuto lili pa tinthu ting'onoting'ono, makamaka tizidole ta tchesi tosemedwa ngati mafumu ndi alenje akwathu. Wosema amagoba makwinya a pamphumi ndi mikanda ya m'khosi mosamala, kenako n'kupaka zonse kuti bii. Ukatiyala patebulo n'kuimirira, mfumu ndi mlenje umangowasiyanitsa ndi msinkhu.

Kuli anthu ena amene akhala akulimbana ndi vuto lomweli kwa zaka zoposa 40. Kampani ya Games Workshop, imene inayamba ku London mu 1975 ndipo likulu lake tsopano lili ku Nottingham, inatulutsa masewero a Warhammer mu 1983. Osewera amandandalika tiasilikali ta m'nthano patebulo n'kumatimenyanitsa poponya madayisi ndi kuyeza mtunda ndi tepi. Tiasilikalito, ta msinkhu wa mamilimita pafupifupi 30, timagulitsidwa tili totuwa, tosapenta. Wogula azionera yekha. Ena amagwira burashi nthawi yaitali kuposa imene amasewera, ndipo kuyambira 1987 opentawa ali ndi mpikisano wawo, wotchedwa Golden Demon.

Chimene anazindikira n'chakuti kanthu kakang'ono kalibe mthunzi wokwanira. Pa munthu weniweni, khwinya la malaya ndi lakuya ndipo mdima umabisalamo wokha. Pa kachidole, khwinya lomwelo ndi kamzere kosakwana milimita imodzi, kuwala kumangolowa ponseponse. Ndiye mthunziwo wopenta amaujambula yekha. Akapaka mtundu woyamba, amathira penti wamadzimadzi woderako, amene amatsetserekera m'timaenje n'kuuma momwemo. Kenako amaviika burashi mu penti wowala, n'kuipukuta pa kansalu mpaka kutsala pang'ono kuuma, n'kusesa nayo pamwamba kuti malo otumphuka okha, mphuno, mapewa, nsonga ya mkondo, agwire utoto. Ndi bodza ndithu, chifukwa dzuwa silinagwe choncho, koma diso la munthu woimirira patebulo limakhulupirira.

Nawonso amapitirira muyeso. Ena amalemba kamzere kowala m'mphepete mwa chilichonse, ngakhale kunsi kwa nsapato kumene kuwala sikufika, ndipo msilikali amaoneka ngati wamangidwa ndi waya. Ambiri opentera mpikisano amapentera kamera: pa chithunzi chokulitsidwa ntchito yawo imagometsa, koma patebulo zochuluka za ntchitoyo diso silizitola.

Nzeru yopentera munthu amene ali patali si yachilendo kuno. Kumwera kwa Salima, mukatsata msewu wa M5 mpaka ku Mtakataka, kuli Mua Mission ndi malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. M'nyumba ya Chamare muli nkhope mazanamazana za Gule Wamkulu. Za kudambwe tizisiye, tingoyang'ana utoto. Nkhope ya Simoni ndi yofiira psuu, kufiira kumene palibe mzungu wopsa ndi dzuwa anafikapo. Pafupi kumaoneka konyanyira. Pabwalo, fumbi lili koboo, ng'oma zili pakati, mayi amene waima kumbuyo kwenikweni amadziwa amene watulukira osafunsa mnzake.

Wosema wa ku Senga Bay safunikira penti wa ku Nottingham. Polishi yemweyo angagwire ntchito ya penti wamadzimadzi uja. Pa mtengo wofiirira ngati mlombwa, kungomulowetsa m'mizere ndi burashi yotsukira mano n'kupukuta pamwamba asanaume, makwinya onse angadzuke, mtundu wa mtengo n'kutsala pa mphumi ndi pamasaya.

Koma sikuti osemawo sadziwa. Phingo, mtengo wakuda umene alendo amaufuna, amakula pang'onopang'ono ndipo akusowa. Polishi wakuda amabisa mtengo wina uliwonse kuti uoneke ngati phingo. Mlendo akanyamula kamfumu ka tchesi amayamba wakayesa kulemera m'dzanja, n'kufunsa ngati ndi phingo weniweni, ndipo mtengo wogulira amagwirizana pa yankho limenelo.