Malire a Luso la Fractal

Liwu loti fractal adalipeka ndi katswiri wa masamu, Benoit Mandelbrot, m'chaka cha 1975, politenga ku liwu la Chilatini lotanthauza chinthu chosweka. Iye ankanena za maonekedwe amene kachigawo kake kamafanana ndi chinthu chonsecho, monga momwe nthambi imaonekera ngati mtengo, kanthambi nako n'kumaoneka ngati nthambi. Mkangano udabuka pamene zithunzi zochokera m'masamuwa zidalowa m'malo oonetserako zaluso a pa intaneti, kumene mmisiri amayenera kusankha gulu loikamo chithunzi chake, ndipo woyang'anira gululo amavomera kapena kukana.

Poyamba mlanduwu sudali wovuta. Pulogalamu ya Fractint, yomwe idatuluka mu 1988, inkatenga lamulo limodzi la masamu n'kulibwereza kambirimbiri pa kadontho kalikonse ka chithunzi, kenaka n'kupakapo mtundu molingana ndi zotsatira zake. Mmisiri ankasankha malo oti ayang'ane, kukula kwake ndi mitundu. Chotulukacho panalibe wochitsutsa. Zinthu zidasintha mu 1999 pamene Ultra Fractal ya Frederik Slijkerman idapereka mwayi wosanjikiza zithunzi zambiri, china pamwamba pa chinzake, mpaka masamu a pansi pake osaonekanso. Apophysis ya mu 2004, yozikidwa pa njira imene Scott Draves adaitulukira mu 1992, idabweretsa zithunzi zonga utsi ndi malawi a moto. Amisiri ena ankatenga zotuluka m'mapulogalamuwa n'kukazikonza mu Photoshop, kumatapo mwezi, gulugufe kapena nkhope ya munthu.

DeviantArt, yomwe idakhazikitsidwa mu 2000, kwa zaka zambiri inkagawa zithunzizi pawiri: zosakhudzidwa, zotuluka m'pulogalamu ya fractal momwe zilili, ndi zokonzedwanso kwina. Lamuloli lidali losavuta kulitsata, koma linkaweruza chida m'malo mwa chithunzi. Wosanjikiza zigawo makumi atatu mkati mwa Ultra Fractal, mpaka kutulutsa chinthu chooneka ngati chojambulidwa ndi burashi, ankayesedwa kuti sadakhudze kanthu, pomwe mnzake amene adangosakaniza zithunzi ziwiri mu Photoshop ankagwera m'gulu la okonzanso. Kumeneku n'kuweruza nsima pofunsa mtengo umene mthiko udasemedwako. Pulogalamuyo itayamba kulola kulowetsamo zithunzi zojambulidwa ndi kamera, mpandawo udagweratu.

Chikalata cha Kerry Mitchell cha mu 1999, Fractal Art Manifesto, chimatchulidwa kawirikawiri pa mlanduwu, chikhalirecho chidalembedwera mlandu wina. Mitchell ankayankha anthu onyoza kuti ntchito yonse imagwiridwa ndi kompyuta, ndipo adafanizira lusoli ndi kujambula kwa kamera, komwe nakonso kudakayikiridwa poyamba. Adamuteteza bwino mmisiri, koma sadanene kuti chithunzi chimaleka liti kukhala fractal.

Njira ina n'kuiwala chida ndi kuyang'ana maonekedwe okha. Apa chitseko chimatseguka mopitirira momwe eni malowa amafunira. Mu 1999 Richard Taylor ndi anzake adalemba kuti utoto wodonthezedwa wa Jackson Pollock uli ndi maonekedwe a fractal. M'chaka chomwecho buku la Ron Eglash, African Fractals, lidafotokoza mudzi wa anthu a mtundu wa Ila a kummwera kwa Zambia. Mudzi wonse udali bwalo lopangidwa ndi mabwalo ang'onoang'ono a mabanja, lililonse lozinga khola la ziweto, ndipo nyumba zinkakulirakulira kuchokera kuchipata kunka kumbuyo. Mkati, chakumbuyo, mudali bwalo la mfumu lofanana ndi mudzi wonsewo, ndipo m'menemo mudalinso tinyumba ta mizimu ya makolo. Omanga mudziwu adachita zimenezi mwadala, pofuna kuonetsa maudindo a anthu, ndipo kubwereza kwake n'koonekeratu kuposa m'zithunzi zambiri zolandiridwa popanda funso. Komatu m'magulu aja mudziwu ukadasowa poikidwa. Izi zikuulula kuti dzina la gululo silinkanena za maonekedwe konse. Linkanena za kagulu ka amisiri ogwiritsa ntchito mapulogalamu ofanana.

Muyeso wabwinopo ndi funso limodzi lofunsa chithunzi chenichenicho: kubwerezako kutachotsedwa, pangatsale chiyani? Pa chithunzi cha gulugufe womatidwa pamwamba pa mizere yopotana, gulugufeyo amatsala bwinobwino, kutanthauza kuti fractal idali chokongoletsa chabe, ngati mphonje ya nsalu. Pa malawi a Apophysis sipatsala kanthu, ngakhale atawalitsidwa motani mu Photoshop. Pa mudzi wa Aila pamatsala nyumba zomwazikana zopanda tanthauzo.

Vuto la muyesowu ndi lakuti umafuna diso ndi nthawi. Woyang'anira amene walandira zithunzi mazanamazana amakonda lamulo loti angathe kulitsimikizira, monga kuitanitsa fayilo ya manambala imene idabala chithunzicho. Ndipo malirewa si masewera, pakuti ndiwo amanena ntchito zimene zifike pamaso pa oweruza mipikisano, monga ya dzina la Mandelbrot, imene zithunzi zake zopambana zidaonetsedwa ku Madrid mu 2006 pa msonkhano waukulu wa akatswiri a masamu. Fayiloyo imatsimikizira kumene chithunzi chidachokera, koma gulugufe wolowetsedwa mkati mwa Ultra Fractal nayenso amakhala ndi fayilo yake.