Wakuba wa ku Baghdad: Chimbale Chomwe Adatiuza Kuti N'cha Chisilamu

Patatha sabata ziwiri chichitikireni Eid ul-Fitr tidatsikira ku msika wa pa boma la Karonga kukagula makope ndi choko za ku madrassa. Pobwerera tidaima pa benchi ya mnyamata wina wogulitsa zimbale za mafilimu, zambiri mwa izo zolowa kuchokera ku Kyela kudzera pa chipata cha Songwe. Ataona mzuli ndi mkanjo wathu sadachedwe. Adasolola chimbale china pansi pa mulu wa mafilimu a karate nati, "Shehe, iyi ndiye yanu. Filimu ya Chisilamu yeniyeni, ana akasangalala nayo." Pachikuto padali mzinda wa nsanja zazitali ngati za mizikiti, ndi kamnyamata kouluka pa mkeka. Dzina lake lidali The Thief of Bagdad, kunena kuti Wakuba wa ku Baghdad. Tidalipira, ndipo pofika lero taionera katatu: kawiri pamodzi ndi ana, kamodzi patokha, cholembera chili m'manja.

Tinene msanga kuti ndalama yathu sitikuidandaula. Chomwe tikudandaula ndi mawu amene adatigulitsira, pakuti mawu omwewo akunenedwa kwa makolo ena ku Ngara, ku Chilumba ndi ku Kaporo, amene amasiyira ana chimbale napita kunyanja, mtima uli m'malo kuti anawo akuphunzira za chipembedzo.

Filimuyi idatuluka m'chaka cha 1940. Mwini wake adali Alexander Korda, mbadwa ya ku Hungary yomwe idakhazikika ku England, ndipo adaitsogolera anthu angapo, mmodzi mwa iwo Michael Powell. Adayamba kuijambula pafupi ndi London, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka adakaimalizira ku America, kotero kuti zigwa zakuya zomwe mwana angaziyese za ku Arabia ndi za Grand Canyon. Idalandira mphotho zitatu za Oscar, ina mwa izo chifukwa cha luso lopangitsa zosatheka kuoneka ngati zenizeni. Nkhani yake ndi ya Ahmad, mfumu yachinyamata ya Baghdad, imene nduna yake yaikulu Jaffar idailanda ufumu mwachinyengo. M'ndende mfumuyo ikumana ndi Abu, kamnyamata kakuba m'misika. Awiriwa athawira ku Basra, komwe Ahmad akonda mwana wamkazi wa sultani, yemwenso Jaffar akumufuna. Jaffar ndi wamatsenga: achititsa Ahmad khungu, Abu namusandutsa galu.

Za chimbale chenichenicho, monga katundu wogula, pali zonena. Si chimbale cha eni ake, ndi chobena, ndipo wobenayo adakoka chithunzi kuti chidzaze galasi lotambalala la makanema a lero, pamene mafilimu a nthawi imeneyo ankajambulidwa pa chithunzi chofanana pang'ono m'litali ndi m'lifupi. Zotsatira zake n'zakuti Jaffar, yemwe ndi munthu wamtali ndi woonda, akuoneka wojintcha ngati wadyera ku ukwati. Mawu ndi Achingerezi okhaokha, palibe womasulira m'Chichewa kapena m'Chiswahili monga tidazolowera m'mavidiyo shoo, ndipo pa mphindi 106 zonsezo womasulira tidali ife. Koma cholakwa china chomwe ana adachiloza si cha wobena. M'mbali mwa kavalo wouluka ndi mwa jini mumaoneka kamzere ka buluu, ndipo iwo adati chimbale chafa. Kamzereko kalimo chiyambire, chifukwa iyi ndi imodzi mwa mafilimu oyamba kujambula munthu patsogolo pa chinsalu cha buluu n'kumuika pa chithunzi china. Kampani ya Criterion idatulutsa filimuyi pa DVD m'chaka cha 2008, yokonzedwa bwino, ndi ndemanga za Martin Scorsese ndi Francis Ford Coppola, koma chimbale chotero sichifika pa mabenchi a kuno. Tivomerenso, ndi manyazi pang'ono, kuti tidagula chimbale chakuba cha filimu ya wakuba. Bungwe la ma ulama la International Islamic Fiqh Academy lidagamula ku Kuwait m'chaka cha 1988 kuti umwini wa ntchito zaluso ndi wotetezedwa ndi Sharia, choncho sitingabisale kumbuyo kwa mawu akuti amenewo ndi malamulo a COSOMA chabe.

Ngakhale pa chimbale chopunduka chotere, kukongola kwa filimuyi kumaonekabe. Matanga ofiira a chombo cha Jaffar pa nyanja yobiriwira adakhalitsa chete ana omwe adabadwira pakati pa mabwato. Sabu, yemwe adasewera ngati Abu, adali mwana wa woweta njovu wa ku Mysore, m'dziko la India, wobadwira m'banja la Chisilamu m'chaka cha 1924, ndipo kuseka kwake n'komwe kumanyamula filimu yonse. Koma amene adatigwira mtima ife akuluakulu ndi Conrad Veidt. Iyeyu adachoka ku Germany m'chaka cha 1933 pothawa ulamuliro wa Hitler, ndipo akamalankhula ngati Jaffar, kulangiza mfumu kuti anthu amalamulidwa ndi mantha okha, umamva kuti munthuyu adawaonadi olamulira otere ndi maso ake. Sakuwa, sakunga nkhope. Pali pena pamene ali ndi mphamvu zonse zokakamizira mtsikana kuti amukonde, koma aima kaye, podziwa kuti chikondi chobwera ndi mankhwala si chikondi. Kenako agonja n'kugwiritsa ntchito duwa loiwalitsa. Amene adakhalapo pa milandu ya mabanja yokhudza mankhwala a chikondi adzaiona mbali imeneyi ndi diso lina.

Chinanso chabwino ndi usiku umene Ahmad avala ngati munthu wamba n'kulowa mumzinda kukamva zomwe anthu amanena za iye, napeza kuti amamutemberera chifukwa cha nkhanza zochitidwa m'dzina lake. Apa tidaimitsa chimbale n'kuwafotokozera ana za Khalifa Umar ibn al-Khattab (RA), yemwe ankayenda usiku m'misewu ya Madina kufufuza ogona ndi njala. Kusiyana kwake n'kwakuti Umar ankatuluka chifukwa choopa kukafunsidwa pamaso pa Allah, pamene Ahmad adachita kutulutsidwa ndi nduna yomwe inkamutchera msampha.

Tsono Chisilamu chimene mnyamata wa pa benchi adationetsa chili pati? Dzina la Allah limatchulidwa kawirikawiri, nduwira zilipo, nsanja zilipo. Koma m'filimu yonse palibe amene akuphunzitsa kapena kuphunzira Qur'an, ndipo mavuto akafika pachimake chithandizo chimachokera kwa jini, ku diso lamatsenga lochotsedwa pamphumi pa fano, ndi ku mkeka wouluka. Fanolo, komanso chidole chachikazi cha manja ambiri chomwe chidapha sultani wa Basra, n'zobwerekedwa ku akachisi a ku India ndi madera a kum'mawa kwake. Kwa opanga filimu, zonse za kum'mawa zidali thumba limodzi lotapamo zokongola. Ndi maloto a anthu a ku Ulaya ovala zovala zathu, ndipo iwo sadanamepo kuti akuphunzitsa chipembedzo. Adanama ndi wogulitsa.

Mayina nawo ndi obwereka. Baghdad weniweni adamangidwa ndi Khalifa al-Mansur m'chaka cha 762. Harun al-Rashid, yemwe filimu imati ndi agogo ake a Ahmad, adalamulira kuyambira 786 mpaka 809, ndipo nduna yake Ja'far ibn Yahya al-Barmaki sadali mfiti. Adali munthu wophunzira, wodziwika ndi kuolowa manja, amene Harun yemweyo adamupha m'chaka cha 803. Filimuyi idampaka matope amene sadachokebe, moti a Disney popanga Aladdin mu 1992 adangotola dzina lomwelo n'kulipatsa nduna yawo yoipa. Basra, kwawo kwa Hasan al-Basri ndi kwa akatswiri oyamba a malamulo a chilankhulo cha Chiarabu, yasanduka mudzi wa nkhalamba yosewera ndi zidole. Nthano ya jini la m'botolo ili ndi mizu kwathu, mu Alf Layla wa Layla, momwe wolitola ndi msodzi. Koma nalonso bukuli ma ulama akale sankaliwerengera. Ibn al-Nadim, wogulitsa mabuku wa ku Baghdad amene adalemba al-Fihrist zaka zoposa 1,000 zapitazo, adaliona buku la Chiperisiya lomwe nthanozi zidachokerako ngati la nkhani zozizira. Lidakwera mtengo ku Ulaya Antoine Galland atalimasulira m'Chifalansa kuyambira 1704.

Pa jini pamenepa ndi pomwe tifuna kukhalitsa, chifukwa mpomwe filimuyi imakhudza moyo wa m'mphepete mwa nyanja. Abu atola botolo pa mchenga, alitsegula, ndipo mutuluka chiutsi chomwe chisanduka chimunthu chotalika ngati phiri. Rex Ingram adalisewera bwino jinilo, ndipo kuseka kwake kudathamangitsira kamwana kena kuseri kwa mayi ake. Jinilo liti lidatsekeredwa ndi Mfumu Sulaiman zaka 2,000 zapitazo, ndipo lifuna kupha womasula wake. Abu alinyenga kuti libwerere m'botolo, nalitulutsanso pokhapokha litalonjeza kumuchitira zinthu zitatu. Choyamba chomwe adapempha ndi masoseji onga omwe ankakazinga mayi ake, ndipo mtsikana wina wa m'kalasi lathu adafunsa ngati adali a halal. Tidaseka tonse.

Funso lomwe silidatiseketse lidabwera m'mawa mwake ku madrassa. Mnyamata wa zaka khumi ndi chimodzi, mwana wa msodzi, adatitsatira titaweruka nati, "Ustaz, ngati majini adamvera Mneneri Sulaiman, nanga n'kulakwa munthu kukhala ndi lake loti lizimuthandiza pa usipa?" Sadalitenge m'filimu mokha funsoli. Pa madoko athu nkhani za makoka okhwimira ndi za eni mabwato amene akuti amaweta majini zimakambidwa poyera, ndipo usipa ukasowa ena mwa abale athu omwe timaima nawo pa mzere umodzi Lachisanu amapezeka pakhomo pa sing'anga Loweruka. Filimu idangobwera kudzaika chithunzi chokongola pa zomwe mwanayo ankamva kale, ndipo chidabwera ndi chidindo chakuti n'cha Chisilamu.

Tidakhala naye pansi pa mtengo wa mango n'kutsegula Surah Saba, ndime 12 mpaka 14. M'menemo timaphunzira kuti majini ankamugwirira ntchito Sulaiman (AS) mwa chilolezo cha Mbuye wake, osati chifukwa cha kuchenjera kwake, ndiponso kuti iye atamwalira ali chotsamira ndodo, majiniwo adapitiriza ntchito yolemetsa osadziwa kanthu mpaka kachirombo katadya ndodoyo. Zolengedwa zomwe sizidazindikire imfa ya munthu amene adali pamaso pawo sizingadziwe komwe usipa wagona. Surah Sad imatiuza kuti ufumu umenewo Sulaiman adaupempha kuti usadzakhalenso wa wina pambuyo pake, ndipo Surah al-Jinn, ndime 6, imanena za anthu amene ankathawira kwa majini n'kungoonjezeredwa mavuto. Chodabwitsa n'chakuti filimu yomweyo, ukaipenyetsetsa, siikutsutsa kwenikweni zimenezi. Jini la Abu silimukonda. Chopempha chachitatu chitangomupulumuka pakamwa ali wokwiya, lidamusiya yekha pakati pa matanthwe n'kuuluka likuseka. Koma mwana saona zimenezo popanda womulozera. Iye amakumbukira kuuluka pamwamba pa mapiri atagwira tsitsi la jini.

Pali kachigawo kena kakafupi komwe kwina kungadutse osaonedwa, koma kuno ayi. Mwana wa sultani atathawa kwawo agwidwa n'kugulitsidwa pa msika wa akapolo, ndipo filimu imaonetsa ukapolo ngati chimodzi mwa zokometsera za mzinda. Ife tikukhala m'boma lomwe Mlozi adamanga linga lake ku Mpata, momwe Angonde adatenthedwa m'mabango a ku Kambwe mu 1887, ndipo iye mwini adapachikidwa mu December 1895. Mbiriyi ili m'nyumba yosungiramo zakale pa boma pompano, ndipo anansi athu Achikhristu amaidziwa kuchokera kwa agogo awo. Mwana wa mnansi wotere akaonera chimbalechi m'nyumba mwathu, atauzidwa kuti n'cha Chisilamu, naona wa nduwira akugula munthu, adzalumikiza yekha. Sitingafafanize zomwe Mlozi adachita, ndipo sitiyenera kuyesa, koma sitiyeneranso kulola kuti wogulitsa zimbale aziphatike pa chipembedzo chathu.

Makolo adziwenso kuti muli kupsompsonana kwa Ahmad ndi mtsikanayo, kwakufupi, ndiponso akazi ena ovala mosakwanira. Poyerekeza ndi zomwe zili m'mafoni a ana athu n'zochepa, komabe chala chikhale pafupi ndi batani. Kuba nako kumaoneka kokoma m'manja mwa Sabu, ngakhale kuti asanatenge mkeka wouluka amapepesa kwa Allah n'kulonjeza kuti n'komaliza, zomwe zidatipatsa mpata wokambirana ngati kulapa kumatheka tchimo usadalichite.

Chimbalechi tachisunga m'kabati, ndipo chimatuluka pokhapokha wamkulu ali pomwepo, titayamba tanena kuti iyi ndi nthano, monga za Kalulu ndi Fisi, yopekedwa ndi anthu a ku London. Kumapeto kwake, Jaffar atalasidwa muvi pamphumi, Ahmad alengeza kwa khamu kuti Abu atumizidwa ku sukulu kuti adzakhale nduna yaikulu. Abu atamva za sukulu akwera mkeka wake n'kuthawa. Ana athu onse adaomba m'manja, ndipo amene adaomba kwambiri ndi awiri omwe adatsalira pa Juz Amma chaka chachiwiri tsopano. Loweruka lotsatira tidabwerera pa benchi paja n'kumupempha mnyamatayo kuti aziigulitsa ngati filimu ya nthano. Adavomera mwaulemu, kenako adatifunsa ngati tingafunenso ya Sinbad, yomwe adati nayonso ndi yathu.