Mankhamba yafukulidwa, Mano akudikirabe: buku la Juwayeyi ndi funso la ntchito

Mwana wa ku Ntengo-Wambalame akamaliza kalasi 12 n'kunena kuti akufuna kukaphunzira mbiri yakale ku yunivesite, funso la makolo limakhala lalifupi: "Ukadzamaliza udzadya chiyani?" Kuno phindu la mbatata ya kachewere ndi tirigu limaoneka pa msika, ndipo namwino amadziwika kumene akagwire ntchito. Kawirikawiri funsoli limakathera kwa mphunzitsi amene anamuphunzitsa mwanayo kuwerenga, ndipo mphunzitsiyo amafunika yankho loona.

Funsoli si la kuno kokha. Ku Ulaya kuli maphunziro apadera a nyengo ya pakati pa zaka za 500 ndi 1500, ndipo yunivesite ya York ku England ili ndi likulu la maphunzirowa kuyambira 1968. Ngakhale kumeneko, ochepa okha mwa omaliza ndiwo amapeza malo ophunzitsa pa yunivesite. Ena amalowa m'masukulu, m'malaibulale ndi m'nyumba zosungira zinthu zakale, ena amasiyiratu. Kuno nkhani yaikulu ya kumapeto kwa nyengo imeneyo ndi chiyambi cha ufumu wa Maravi, ndipo buku limene likuonetsa bwino ntchito ya munthu wophunzira zimenezi ndi la Yusuf Juwayeyi, Archaeology and Oral Tradition in Malawi: Origins and Early History of the Chewa, lomwe linatuluka mu 2020.

Mphamvu ya bukuli ili pa Mankhamba, likulu la Kalonga, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. Nkhani zapakamwa zinkatchula malowa kuyambira kale, koma Juwayeyi anapitako ndi kukumba. M'nthaka anapezamo mapale ambirimbiri, mafupa a nyama, zitsulo, mkuwa, minyanga yosemedwa, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya mchere, ndiponso zidutswa za mbale za ku China. Kuyeza msinkhu wa makala kunasonyeza kuti pofika zaka za m'ma 1400 pamalopa panali patakhala kale anthu. Mphunzitsi amene wakhala akuuza ana kuti mbiri ya dera lino inayamba pamene Apwitikizi anafika ku Tete, bukuli limulanda mawu. Chosangalatsa china n'choti wolembayo sanyoza zimene agogo ananena za ulendo wochokera ku Uluwa, za Abanda ndi Aphiri, za kachisi wa mvula. Amaziika pambali pa zimene zatuluka m'nthaka n'kuona pamene zikugwirizana ndi pamene zikusiyana.

Koma kwa wowerenga wa ku Tsangano kapena ku Furancungo, bukuli lili ndi malire, ndipo malirewo ndi a pa mapu a atsamunda. Mutu wake womwe ukuti "ku Malawi". Maravi sankadziwa mzere umene lero ukudula Ntcheu ndi Tsangano. Kaphirintiwa ali m'mapiri a Dzalanyama, m'malire a maiko awiriwa. Undi atasiyana ndi Kalonga anakamanga likulu lake ku Mano, kumpoto kwa Zambezi m'chigawo chino cha Tete, ndipo mpando wake unasamukira ku Zambia m'zaka za m'ma 1930 zokha. N'chifukwa chake mafumu a kuno amapita ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti. Zonsezi m'bukuli zimamveka chapatali, pakuti khasu la wolembayo linakumba tsidya linalo. Si mlandu wake, munthu mmodzi sangakumbe dziko lonse, koma wowerenga asaganize kuti nkhani ya Maravi yatha. Vuto lachiwiri ndi chinenero. Bukuli lili m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo mitu yofotokoza mitundu ya mbiya ndi yolemetsa ngakhale kwa wodziwa bwino Chingerezicho. Mbiri ya Achewa yafufuzidwa mosamala chonchi, koma Mchewa wa ku Mozambique, amene anaphunzira m'Chinyanja ndi Chipwitikizi, sangaiwerenge.

Nanga ntchito? Moyo wa Juwayeyi mwiniwake ukhoza kunamiza mwana. Anatsogolera nthambi ya boma la Malawi yoona zinthu zakale, anakhala kazembe wa dzikolo ku United Nations, kenako anakaphunzitsa pa Long Island University ku New York. Mipando yotere ndi yowerengeka. Ku Mozambique maphunziro ofukula zakale ali pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, kutali ndi kuno, ndipo njira yotakata kwa womaliza digiri ya mbiri ndi uphunzitsi wa ku sekondale. Kulinso bungwe la ARPAC lofufuza za chikhalidwe, ndi maofesi a chikhalidwe m'maboma, koma malo amatseguka mwa apo ndi apo. Lamulo la 10/88 limateteza chuma cha chikhalidwe, ndipo lamulo lotsatira, la 27/94, limati ntchito zikuluzikulu zokumba nthaka zizipatula ndalama zosachepera 0.5 peresenti kuti akatswiri ayambe aona ngati pamalopo pali zakale. M'chigawo cha migodi ya malasha ngati Tete lamuloli likhoza kudyetsa anthu angapo, kungoti ndi ganyu: msewu kapena mgodi ukatsegulidwa, ntchito ya wofufuzayo yathera pomwepo. Mphunzitsi amene angauze mwana kuti ntchito zilipo zambiri ndiye kuti wamunamiza.

Chimene angamuuze moona n'choti ntchito yosagwiridwa ndi yaikulu, ndipo chida chake chachikulu ndi zinenero. Mbiri ya Maravi inamwazikana m'zinenero zitatu. Ulendo wa Gaspar Bocarro wochokera ku Tete kupita ku Kilwa mu 1616, pamene anacheza ndi mfumu Muzura, unalembedwa m'Chipwitikizi. Chimodzimodzi zimene António Gamitto anaona pakati pa Amaravi ndi Achewa pa ulendo wa 1831 ndi 1832. Kafukufuku wa Harry Langworthy wa ufumu wa Undi, wa mu 1969, ali m'Chingerezi. Mayina a mitsinje, mibadwo ya mafumu ndi nkhani za kumene mudzi unachokera zili m'Chichewa, m'kamwa mwa okalamba. Wofufuza wa ku Lilongwe amasowa Chipwitikizi, wa ku Maputo kawirikawiri amasowa Chinyanja. Mwana wa kalasi ya zinenero ziwiri ku Ntengo-Wambalame amatuluka ali ndi ziwirizo m'manja, akudziwanso kuzilemba, ndipo Chingerezi amachimva pa msika wa m'malire. Pamene ntchito ya PEBIMO inkayesa kuphunzitsa m'Chinyanja ku Tete pakati pa 1993 ndi 1997, cholinga chinali choti ana asamagwe mkalasi. Phindu ili linabwera lokha.

Apa m'pamene buku la Juwayeyi liyenera kuwerengedwa limodzi ndi lina lakale, Mbiri ya Achewa la Samuel Josia Ntara, lotuluka m'zaka za m'ma 1940. Ntara analibe digiri. Anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma amene anafunsa akuluakulu n'kulemba m'Chichewa. Zina zimene analemba akatswiri anazitsutsa pambuyo pake, koma sanathe kuzilambalala, moti mu 1973 bukulo linamasuliridwa m'Chingerezi kuti iwo aliwerenge. Ndondomeko ya maphunziro ya 2004 inapatula 20 peresenti ya nthawi yophunzira kuti ikhale ya currículo local, ndipo m'masukulu ena nthawiyi imangothera kusesa ndi kulima m'munda wa sukulu. Kope limodzi lolembedwamo zimene nyakwawa yanena za chiyambi cha mudzi, lokhala ndi tsiku, malo ndi mfunda wa wolankhulayo, ndi umboni wa mtundu womwewo umene unalozera Juwayeyi kumene akakumbe ku Mankhamba.