Ng'oma za Makina m'Kanema

Abale, ife a ku Ngara tidziwa ng'oma ya malipenga: ikalira, mapazi amvera. Kwa Azungu kulinso oimba amene abvinitsa anthu usiku wonse ndi ng'oma za makina, ndipo ena a iwo aitanidwa kukonza nyimbo zopanda mau za m'kanema. Nchito imeneyi njobvuta, pakuti pabwalo ng'oma ndiyo mfumu, koma m'kanema iyenera kutumikira nkhani.

Daft Punk, amuna awiri a ku France, anaimbira Tron: Legacy m'caka ca 2010, naonjeza pa makina ao gulu la oimba 85 ku London. Nyimbozo zikomadi, koma ife tiona kuti zinaphimba nkhani. Munthu aturuka alikukumbuka kulira kwace, ataiwala anthu a m'kanemamo.

Tom Holkenborg wa ku Holland anacita bwino koposa mu Mad Max: Fury Road ya 2015, yojambulidwa m'cipululu ca Namibia. M'menemo oomba ng'oma aoneka ndi maso, atakwera galimoto ya nkhondo, alikupitikitsa othawa. Koma pamene mkazi uja Furiosa afika kwa abale ace, namva kuti dziko lao lobiriwira linasanduka thope, agwada mumcenga. Ng'oma zonse zikhala cete, zingwe zokha zilira.