Aperekezi a Chingerezi ndi Tsamba la pa Intaneti

Pali chizolowezi china m'masukulu athu chimene tifuna kuchitsutsa muno. Mphunzitsi alemba pa bolodi kuti pa ndi "on", mu ndi "in", ku ndi "to", ndipo ana aloweza. Mndandanda umenewu uli nacho choona chache, koma ukaphunzitsidwa monga lamulo usokeretsa mwana.

Tiyambe ndi pamene uthandiza. Mwana wa ku Thyolo, amene amache athyola tiyi ku Satemwa, adziwa kale kuti mame akhala pa tsamba. M'kalasi awerenga mau pa tsamba la buku, ndipo kwao amva mkulu wache alikunena za chimene waona pa tsamba la pa intaneti. Mngerezi nayenso ati "on the leaf", "on the page", "on the website". Zinenero ziwirizi zimvana pano, pakuti zonse ziyesa tsamba ngati mphasa yoyala, imene chinthu chikhala pamwamba pache. Chifukwa chache mwana akalemba "in the website" musamkalipire. Mumfunse m'Chichewa kuti nkhaniyo anaiona pati. Akayankha kuti pa tsamba, wadzikonza yekha. Momwemonso m'nyuzipepala ndi "in the newspaper", pa wailesi ndi "on the radio".

Koma taonani pamene mndandandawo ulephera. Mwana yemweyo akhala m'basi ya ku Limbe, koma Mngerezi ati "on the bus". Atate ache agwira nchito ku esiteti, ndiko "on the estate". Akhala ku Thyolo, ndiko "in Thyolo". Ngakhale pa intaneti pomwepo, potchula keyala ya tsamba Mngerezi ati "at", ndipo potengapo chithunzi ati "from the website". Mwana womvera, amene anakhulupirira za pa bolodi, ndiye alakwa koposa anzache.

Nkhaniyi siri yaing'ono ai. Lamulo la Maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira, ndipo wolephera Chingerezi pa mayeso a Sitandade 8 salandira satifiketi.

Tsono inu amene mulikukonzekera uphunzitsi, musaphunzitse mperekezi payekha. Mumphunzitse pamodzi ndi dzina limene aliperekeza, ndipo ana ayambe anena chiganizo chonse m'Chichewa. Pamene zinenero zimvana, ayamikireni kuti anadziwa kale. Pamene zisiyana, auzeni poyera kuti apa Mngerezi anena mwina, ndipo mau amenewo okha ndiwo aloweze.