Wodumphadumpha wa ku Cyrodiil

Amene anasewerapo Oblivion, gemu yapakompyuta imene Bethesda inatulutsa mu 2006, akukumbukira kayendedwe kake. Munthu wako umangomudumphitsa ngati chule kuchokera ku Imperial City mpaka kukafika ku Chorrol m'dziko la Cyrodiil, pamsewu wopanda dzenje ngakhale limodzi. Kudumpha kulikonse kumawonjezera pang'ono luso lotchedwa Acrobatics, ndipo wosewera akangozindikira zimenezi, chala sichichokanso pabatani.

Ganizo limene linabala khalidweli ndi labwino, ndipo ine ndimalikonda kwambiri. M'magemu ambiri a RPG, ukapha zilombo zokwanira umapatsidwa mapointi, ndipo ukhoza kuwathira pa luso lotsegula maloko ngakhale sunagwirepo loko chiyambire. Njira ya Oblivion imati luso lizikula ndi ntchito. Woponya mivi azolowere uta, wosula akhale mmisiri chifukwa chokhalitsa pachipala. Munthu wako akamakula chonchi, amakhala mbiri ya zimene iweyo wachita.

Koma kompyuta imangowerenga kuti chinthu chachitika kangati. Mu Final Fantasy II ya 1988, mphamvu za moyo zinkakwera munthu akavulala pankhondo, ndiye osewera anayamba kumenyanitsa ankhondo awo omwe, mdani ali chiimire. Mu Skyrim ya 2011, anthu ankasula timipeni tachitsulo mazanamazana poti kampeni kankakweza luso mofanana ndi chida chapamwamba. Bethesda inakonza zimenezi mu 2012, kuti phindu lizitsata mtengo wa chimene wasula.

Pamene Oblivion inaphonyetsa zedi ndi apa. Maluso alipo 21, ndipo poyamba umasankhapo 7 akuluakulu. Maluso osankhidwawo akakwera kakhumi, munthu wako amakwera levulo, adani m'dziko lonse n'kukwera naye. Ndiye taganizirani munthu amene anasankha kuthamanga, kudumpha ndi kusakaniza mankhwala. Iye akungothyola zitsamba m'tchire, malevulo akukwera, achifwamba am'misewu ayamba kuvala zida zamtengo wapatali, koma mkono wake wa lupanga udakali wa mwana. Akatswiri a gemuyi anafika pomasankha dala maluso amene sadzawagwiritsa ntchito, kuti levulo isawathawe. Gemu ikamalanga munthu chifukwa chonena zoona za mmene akufunira kusewera, ndiye kuti opanga ake analakwitsa pamaziko penipeni.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala ake analipo kale. RuneQuest, masewero apatebulo a 1978, inkati luso ukaligwiritsa ntchito bwino pa nthawi yofunika, ulichonge papepala. Chongi ndi chimodzi basi, kaya wachita kamodzi kaya makumi asanu. Ulendo ukatha umaponya madayisi, ndipo mwayi woti luso likwere umachepa lusolo likakhala lokwera kale. Wophunzira amakwera msanga, katswiri movutikira. Kungoti patebulo pamakhala munthu woyendetsa masewero amene amaona ndi maso ake ngati chochitikacho chinali chofunikadi, ndipo diso limenelo ndi limene wopanga gemu ayenera kulisandutsa malamulo: loko wovuta aphunzitse kuposa wophweka, mdani woopsa kuposa khoswe. Ultima Online ya 1997 inawonjezapo malire a mapointi 700 pa maluso onse pamodzi, mwakuti ukafika pamenepo, luso lina limatsika kuti lina likwere.

Skyrim inasankha njira yachidule. Inatsala ndi maluso 18, kuthamanga ndi kudumpha zitachotsedwa. Anthu anasiyadi kudumphadumpha, koma ine zimandiwawa. Mu Morrowind ya 2002, munthu wodziwa kudumpha ankayenda pamadenga a nyumba za ku Balmora, ndipo tawuniyo inkaoneka ina ukakhala pamwambapo. Opanga Skyrim akanatha kulisunga lusoli n'kumawerengera kudumpha kokhako kumene pansi pake pali phompho, pamene ukaphonya phazi umagwa n'kuthyoka.